Chitsulo cha m'ntchafu ya mchimwene wanga: kodi chidzachita dzimbiri?

MayiWaChitakale:
Abale anga, ndagwira njakata, ndithandizeni nzeru. Mchimwene wanga wamng'ono amachita kabaza wa njinga yamoto, Chitakale mpaka Limbuli, nthawi zina mpaka ku Muloza. Masabata asanu apitawo anaterereka pamatope atanyamula matumba a chinangwa, njinga n'kumugwera pamwendo. Fupa la ntchafu linathyoka chakumunsi, pafupi ndi bondo. Anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre komwe anamuchita opaleshoni, n'kumuika chitsulo chathyathyathya chomangidwa ndi masikuluwu asanu ndi atatu. Ekisire ndinaiona ndi maso angawa.

Tsono chibwerereni kunyumba, aliyense wobwera kudzazonda akubwera ndi zake. Azakhali akuti chitsulo chimachita dzimbiri m'thupi, dzimbirilo likalowa m'magazi munthu amatupa. Ena akuti mvula ikadzayamba asamadzatuluke panja, mphenzi izidzamulondola. Amalume akuti tikachotsetse msanga, kumudzi kuli mankhwala olumikiza mafupa. Mwini wakeyo nayenso akuti ululu watha, akufuna kutaya ndodo abwerere pamsewu chifukwa njingayo ndi yangongole. Akuti chitsulo ndi chitsulo, chingathyoke bwanji. Amene mukudziwa, zoona n'ziti?

Kabaza_Limbuli:
Pepani achemwali. Ine changa anandiika mu 2021, mpaka lero ndikuyenda nacho, mvula yonse ya Freddy inandipeza panja ndikusamutsa ana, mphenzi sinandifunse. Muuzeni mnzathuyo asaope. Ine anandiuza kuti ndiyambe kupondera patangotha masiku ochepa, ndiye ngati ululu watha ayambe kuyenda basi.

NamwinoPaPhiri:
Achimwene a ku Limbuli, imani kaye pamenepo, mungapweteketse munthu. Kodi chanu chili m'kati mwa fupa kapena pambali pa fupa?

Kabaza_Limbuli:
M'kati. Chachitali ngati msomali, analowetsera kuchiuno.

NamwinoPaPhiri:
Ndi pamene pali kusiyana. Msomali wa m'kati mwa fupa umakhala pakatikati, kulemera kwa thupi kumadutsa mowongoka, ndipo msomali ndi fupa zimathandizana kusenza. N'chifukwa chake ambiri amene aikidwa msomali amaloledwa kupondera msanga. Chitsulo chathyathyathya chimakhala pambali, ndiye nthawi iliyonse munthu akaponda chimapindika pang'ono pamalo pothyokapo. Pafupi ndi bondo, makamaka ngati fupa linaphwanyika tizidutswa, madokotala kawirikawiri amaletsa kupondera kwa masabata angapo mpaka ataona ekisire ina. Mayi a ku Chitakale, yang'anani m'buku lake la kuchipatala, alembamo tsiku lobwererako. Tsikulo musaliphonye, ngakhale kukongola ya thiransipoti kongolani. Kutha kwa ululu sikutanthauza kuti fupa lagwirana. Fupa la ntchafu la munthu wamkulu limatenga miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi.

Za mphenzi ayi, chitsulo chokwiriridwa m'mnofu sichiitana mphenzi. Mphenzi imatsata chinthu chachitali ndi malo apamtetete, munthu akhale ndi chitsulo kapena alibe. Za amalumewo, muwakanize mwaulemu koma mwamphamvu. Kutema mphini pamwamba pa bala la opaleshoni ndi kutsegulira tizilombo khomo.

WeldaWaLuchenza:
Ine ndi wowotcherera, zaka zanga pa ntchitoyi ndi zambiri. Anamwino mwalumpha funso la azakhali aja. Musatiuze kuti stainless sachita dzimbiri, amachita. Ndawotchererapo mathanki a stainless, pakapita nthawi m'mbali mwa mzere wowotcherawo mumatuluka timadontho tofiira. Nanga m'thupi momwe muli madzi ndi mchere usana ndi usiku? Azakhaliwo sakunama kwenikweni.

MphunziWaNdata:
Bambo a ku Luchenza, zimene mwaonazo n'zoona, ndipo ife kuno ku yunivesite ya MUST, ku Ndata, timaziphunzira m'kalasi pamene inu mumazigwira ndi manja. Ndiloleni ndifotokoze motalikirapo.

Stainless ndi chitsulo wamba chomwe asakanizamo chromium, osachepera magawo 10.5 pa 100 alionse. Chromium ameneyu akakumana ndi okosijeni amapanga kakhungu kopyapyala kwambiri pamwamba, kosaoneka ndi maso, ndipo kakhungu kameneka ndi kamene kamatchinga dzimbiri. Mukakanda, kamadzipanganso kokha. Mmodzi mwa amene anatulukira zimenezi ndi Harry Brearley wa ku Sheffield mu 1913, ndipo iye ankafufuza chitsulo cha mipope ya mfuti, osati cha masupuni.

Tsono mukawotcherera, kutentha kumachititsa kuti carbon wa m'chitsulomo agwirane ndi chromium m'mbali mwa mzerewo. Pamalo pamenepo chromium womasuka amachepa, kakhungu kaja sikapangika bwino, dzimbiri n'kupeza polowera. Ndi timadontho tanu tija. Chitsulo cha m'thupi chimatchedwa 316L. Chilembo L chikunena kuti carbon ndi wochepa kwambiri, osapitirira 0.03 pa 100, ndipo amathiramonso molybdenum amene amathandiza kulimbana ndi mchere. Sichiwotchereredwa m'thupi, amangomanga ndi masikuluwu a mtundu womwewo. Pamene sikuluwu ikukhudzana ndi chitsulocho pamatha kudyeka pang'ono m'kupita kwa zaka, ndipo alipo anthu ochepa amene thupi lawo silifuna nickel. Koma dzimbiri lofiira longa la malata, loti lidzaze magazi munthu n'kutupa, ayi.

Zina zimakhala za titanium. Mchimwene wanu angafunse kuti chake ndi chiti.

WeldaWaLuchenza:
Ndamva mwana wanga. Ndiye n'chifukwa chake timitengo towotcherera stainless timalembedwa L kumapeto. Ndimagula zaka zonsezi osadziwa tanthauzo lake.

GogoWaTiyi:
Ine ndinathyola tiyi ku Thyolo kuno zaka makumi awiri. Dzanja langa lili ndi chitsulo. Chiperoni akafika mu Juni limawawa mpaka kugona osagona. Mukanena kuti sichivuta ine ndikukanani.

NamwinoPaPhiri:
Agogo, sindikukutsutsani, ululu wanuwo ndi weniweni. Kungoti ndimamvanso dandaulo lomwelo kwa anthu amene anathyoka n'kungoikidwa chikhakha, opanda chitsulo chilichonse. Chitsulo cha pankono chili pafupi ndi khungu, minyewa imakhulana nacho, ndiye chimamveka kuposa cha m'ntchafu. Ngati fupa linagwirana kalekale ndipo ululu ukukulanda tulo, pitani akakuoneni, nthawi zina amachotsa. Koma kuchotsa ndi opaleshoni inanso, sachita popanda chifukwa.

Sapitwa77:
Titanium titanium, si yemweyu akuti wapezeka ku Kasiya? Ndiye ife tikumbe, azungu akapange masikuluwu, adzatigulitse ndi madola omwe tilibe. Mpaka liti?

MphunziWaNdata:
Ndi yemweyo, ku Kasiya kuli mwala wotchedwa rutile womwe amayengamo titanium. Ngakhale paphiri lathu la Mulanje pompa, ku Lichenya, kuli bauxite yemwe akudziwika kuyambira nthawi ya atsamunda. Mu bauxite mumachoka alumina, ndipo alumina wowotchedwa bwino amapangira timitu tosalala ta mafupa a m'chiuno ochita kupanga. Dokotala wa ku France Pierre Boutin anayamba kuika zimenezi mu 1970.

MwanaWaRuo:
Phiri lokhalo lisiyeni. Madzi a Ruo, Likhubula ndi Lichenya amachokera komweko, ngakhale ena a ku Blantyre akumwa a Likhubula. Mukakumba pamwamba ife kumunsi kuno tidzamwa matope. Mkungudza tamaliza kale, tsopano tiyambe dothi? Komanso a UNESCO analiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025.

Sapitwa77:
Ndiye tizingokhala pa chuma tili ndi njala?

MwanaWaRuo:
Walira mvula walira matope, achimwene. Munaona zimene Freddy anachita m'malo momwe mitengo inatha.

MayiWaChitakale:
Abale, za migodi tidzakambe tsiku lina chonde. Dzimbiri ndi mphenzi ndamva, mtima wakhala pansi. Chatsala n'chakuti munthuyu wayamba kuyenda m'nyumba opanda ndodo ndikachokapo. Mlamu wanga wandiuza. Ndimuuze chiyani choti chimulowe? Akuti chitsulo sichingathyoke ndi kulemera kwa munthu.

WeldaWaLuchenza:
Apa ndiye pandifika, asisi. Mupatseni waya wa mpanda. Muuzeni aukoke ndi mphamvu zake zonse kuti uduke. Sangathe. Kenako muuzeni aupinde uku ndi uku pamalo amodzi. Sipatenga nthawi, uduka, ndipo podukapo pakhala potentha. Ife timati chitsulo chatopa.

Ndimalandira njinga za kabaza sabata iliyonse. Kaliyala simathyoka tsiku lomwe mwanyamula katundu wolemera kwambiri ayi. Imathyoka tsiku lina mutanyamula mwana wasukulu, anthu n'kumati wina walodza. Koma mukayang'ana pothyokapo mupeza mbali ina ndi yosalala ndi yakuda, ili ndi timizere ngati ta m'mphepete mwa mtsinje madzi akaphwa, mbali ina ndi yoyera yokhakhala. Yakudayo ndi mng'alu womwe unayamba miyezi yapitayo, umakula pang'onopang'ono pa bampu iliyonse. Yoyerayo ndi yomwe yamaliza lero. Ndipo nthawi zonse umayambira pabowo, pakona kapena pomwe munthu anawotcherera mosasamala. Chitsulo cha mchimwene wanuyo mwati chili ndi masikuluwu asanu ndi atatu, ndiye kuti chili ndi mabowo osachepera asanu ndi atatu. Ine sindine dokotala, koma bowo ndimalidziwa.

NamwinoPaPhiri:
Bambo a ku Luchenza mwanena zimene madokotala a mafupa amanena, kungoti mwazinena bwino kuposa iwo. Iwo amati ndi mpikisano: fupa ligwirane chitsulo chisanatope. Fupa likapambana, limalanda katundu yense, chitsulo n'kupuma. Likachedwa, chitsulo chimathyoka, kawirikawiri pabowo la sikuluwu lomwe lili pafupi ndi pothyoka. Ndinasamalirapo bambo wina amene anabwerera kumunda msanga, anabwera mwendo utakhota, chitsulo chili pawiri. Opaleshoni yachiwiri inali yovuta kuposa yoyamba, ndipo mwendo unatsala waufupi.

Zinthu zochedwetsa fupa zomwe munthu angazipewe: fodya ndiye woyamba, kachasu, kusadya mokwanira, shuga wosasamalidwa. Mupatseni usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe, mazira, nyemba, nandolo, masamba.

AphunzitsiOpuma:
Nkhani ya kutopa kwa chitsulo inapha anthu ambiri dziko lisanaimvetse. Ndinkaiphunzitsa ku Fomu 4. Mu 1954 ndege ziwiri za ku Britain zotchedwa Comet zinaphulika zili m'mwamba, ina mu Januwale pafupi ndi chilumba cha Elba, ina mu Epulo kufupi ndi Naples, ndipo palibe anapulumuka. Zinali ndege zatsopano, zonyaditsa. Akatswiri ku Farnborough anatenga ndege ina yonga zomwezo n'kuimiza mu thanki ya madzi, n'kumapopa ndi kuphwetsa, kupopa ndi kuphwetsa, kutsanzira zomwe zimachitika ndege ikakwera ndi kutsika. Pamapeto pake thupi la ndegeyo linang'ambika, mng'alu utayambira pakona ya bowo. Chomwe a ku Luchenza akuona pa kaliyala n'chomwecho.

Ku Germany mu 1998, pa Eschede, sitima yapamtunda yothamanga kwambiri inagwa chifukwa cha mng'alu pa mkombero wa gudumu limodzi. Anafa anthu 101.

Mmisiri_Bvumbwe:
Aphunzitsi, poti mwatchula zimenezi ndidandaule nanenso. Zitsulo zomangira za masiku ano zandikhumudwitsa. Mwezi watha ndinagula Y12 pa shopu ina, ndikupinda kuti ndipange ringi bimu, m'malo mopindika chinangoti thyo ngati mzimbe. Malatanso amakuuzani geji 28, mukagwira ndi pepala, zaka ziwiri dzimbiri waliwali. Kodi za m'thupizo tingazikhulupirire bwanji ngati za padenga zili chonchi?

MphunziWaNdata:
Chitsulo chothyoka popinda kawirikawiri chimakhala ndi carbon wochuluka, kapena zinyalala monga sulphur ndi phosphorus zomwe sizinachotsedwe posungunula zitsulo zakale. Malata amatetezedwa ndi zinc wokutidwa pamwamba, zinc akakhala wochepa amatha msanga, makamaka kuno komwe chinyontho sichichoka. Zitsulo za m'thupi zili ndi malamulo ake okhwima, amazisungunula mwapadera kuti tizinyalala tichepe kwambiri chifukwa kachinyalala kamodzi ndi poyambira mng'alu. Ngati Y12 wanu munasunga chidutswa ndi lisiti, kadandauleni ku Malawi Bureau of Standards, ntchito yawo ndi imeneyo.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chinandidabwitsa chaka choyamba, ndikufuna a ku Luchenza achimve. Si chilema chilichonse m'chitsulo chomwe chili choipa. M'kati mwa chitsulo maatomu amandanda m'mizere ngati tiyi wa pa esiteti. Pena mzere umathera panjira, ndipo malo otero ndi amene amachititsa kuti chitsulo chizipindika m'malo mosweka ngati galasi. Akatswiri atatu, Taylor, Orowan ndi Polanyi, anafotokoza zimenezi aliyense payekha m'chaka chimodzi, 1934. Wosula akamamenya chitsulo chozizira, malo amenewa amachuluka n'kukolana, chitsulo n'kuuma. Mukapitiriza, chimauma mopitirira n'kung'aluka. Ngakhale sola ya padenga ndi foni zimagwira ntchito chifukwa mu silicon woyera bwino athiramo dala tizinthu tina tochepa kwambiri, boron ndi phosphorus. Ndiye luso lonse lagona pa kudziwa chilema chofunika ndi chilema chakupha.

WeldaWaLuchenza:
Agogo anga anali osula makasu ndi nkhwangwa. Ankati chitsulo ukachimenya kwambiri chimakwiya, uchibwezere pamoto chikhululuke. Ndi zomwezi eti?

MphunziWaNdata:
Ndi zomwezo bambo. Moto umamasula zokolana zija.

NaPhiri_Goliati:
Ine funso langa ndi lina koma ndi la m'thupi momwemo. Pobereka mwana wachiwiri anandichita opaleshoni. Ndinafunsa tsiku lodzachotsa ulusi wa m'kati, anati sachotsa, usungunuka wokha. Mpaka lero zimandivutitsa maganizo, ulusi ungasungunuke bwanji? Sunangotsala m'mimbamu?

NamwinoPaPhiri:
Unatha kalekale amayi, khalani ndi mtendere. Kale ankagwiritsa ntchito ulusi wopangidwa ndi matumbo a nkhosa kapena ng'ombe, thupi limaugaya ngati nyama. Masiku ano wofala ndi Vicryl, womwe unayamba kugulitsidwa mu 1974. Ndi mtundu wa pulasitiki womwe madzi a m'thupi amaudula pang'onopang'ono. Umagwira mwamphamvu masabata oyambirira pamene bala likupola, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono umakhala utatha, zotsalira zake thupi limazitulutsa.

MayiWaChitakale:
Nanga bwanji osapanga chitsulo chosungunukanso, munthu asamakhale nacho moyo wonse?

MphunziWaNdata:
Funso limeneli ndi lomwe akatswiri akulimbana nalo panopa, asisi. Masikuluwu a magnesium alipo kale, kampani ina ya ku Germany inaloledwa kugulitsa ake ku Ulaya mu 2013. Magnesium thupi limamudziwa, ali kale m'mafupa athu, ndiye sikuluwu imadyeka pang'onopang'ono fupa n'kumalowa m'malo mwake. Apa dzimbiri lomwe azakhali akuliopa ndi lomwe likufunidwa dala. Vuto ndi liwiro: ikadyeka msanga imafooka fupa lisanagwirane, komanso imatulutsa mpweya wa hydrogen. N'chifukwa chake pakali pano amaika pa mafupa ang'onoang'ono monga a phazi, osati ntchafu ya munthu wamkulu.

Palinso vuto lina la chitsulo cholimba kwambiri. Stainless ndi wouma pafupifupi kakhumi kuposa fupa, titanium pafupifupi theka la stainless. Fupa ndi chinthu chamoyo, likamasenza katundu limanenepa, likapanda ntchito limaonda. Julius Wolff wa ku Berlin analemba zimenezi mu 1892. Ndiye chitsulo chikalanda katundu yense kwa zaka, fupa la pansi pake limatha kupyapyala. N'chifukwa chake dokotala akadzati tsopano yamba kupondera, mchimwene wanu adzaponderedi, asadzaopenso. Nthawi yake ndi imene ili nkhani.

Ofuna kuona kuti fupa n'chiyani, tengani fupa la nkhuku muviike mu viniga sabata imodzi, lidzapindika ngati labala chifukwa kashiamu wachoka. Lina muwotche pamakala, lidzafumbutuka chifukwa ulusi wake wa collagen wapsa. A ku Bvumbwe, ndi konkire ndi Y12 zomwezo, chimodzi chopanda chinzake sichilimba.

Mmisiri_Bvumbwe:
Koma konkire wanga akang'aluka sadzimata yekha.

MphunziWaNdata:
Ndi pomwe fupa limatiposa tonse. Timing'alu tating'ono timabwera m'mafupa athu tsiku lililonse, thupi n'kumagumula pamenepo ndi kumanganso. Chitsulo sichingatero, mng'alu ukayamba wayamba.

AphunzitsiOpuma:
Chomwe chimandisangalatsa pa mbiri ya zinthuzi n'chakuti zambiri zinapezeka ndi anthu atcheru, osati ofunafuna. Ine diso langa lamanzere anandichotsa ng'ala n'kuikamo kagalasi ka pulasitiki, ndikuwerenga uthenga uno ndi diso lomwelo. Chiyambi chake ndi dokotala wa maso wa ku London, Harold Ridley. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya chivindikiro cha ndege tinawalowa m'maso, maso awo sankalimbana nato. Mu 1949 pa chipatala cha St Thomas anaika kagalasi koyamba ka pulasitiki yomweyo m'diso la munthu. Anzake anamutsutsa zaka zambiri.

Titanium nayenso chimodzimodzi. Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden anaika tizipangizo ta titanium m'mafupa a akalulu pofufuza kayendedwe ka magazi. Pofuna kuchotsa anapeza fupa lamera n'kugwirana nato zolimba. Mu 1965 anaika mano oyamba ozikika pa titanium m'nsagwada za munthu.

Ndipo msomali wa a ku Limbuli uja unayamba ndi Gerhard Küntscher ku Kiel mu 1939. Asilikali a ku America amene anagwidwa ku Germany atabwerera kwawo, madokotala anadabwa kuona pa ekisire chitsulo chachitali m'kati mwa ntchafu, munthu akuyenda bwinobwino.

GogoWaTiyi:
Masiku athu munthu akathyoka ntchafu ankagona m'chipatala miyezi iwiri, mwendo atauboola n'kuumangirira miyala yolendewera kumiyendo kwa bedi. Malemu amuna anga anagona choncho, anatuluka ndi zilonda kumsana.

NamwinoPaPhiri:
Njira imeneyo ikadalipo agogo, m'zipatala zambiri za m'maboma, chifukwa misomali ndi madokotala a mafupa sakwanira. Ntchito yaikulu ya mafupa m'dziko muno imagwiridwa ndi ma orthopaedic clinical officer, achipatala ophunzira za mafupa koma omwe si madokotala, maphunziro awo anayamba mu 1985. Misomali yambiri yomwe imaikidwa kuno ndi ya bungwe la SIGN lomwe Dr Lewis Zirkle anayambitsa ku America mu 1999, anaipanga dala kuti iziikidwa ngakhale m'chipatala chopanda makina a ekisire a m'fiyeta. Ndiye mayi a ku Chitakale, mchimwene wanu anachita mwayi kupeza opaleshoni. Pali anthu ali pamzere akudikira chitsulo ngati chimenecho.

Sapitwa77:
Ndinamva kuti kwina amasoka anthu ndi neti ya udzudzu. Zoona kapena zabodza za pa WhatsApp?

NamwinoPaPhiri:
Zili ndi choonadi, koma mumvetse bwino. Pa opaleshoni ya hernia, pamene matumbo akutulukira m'mphechepeche, amaika kansalu konga sefa kolimbitsa mnofu. Kogula kunja n'kodula. Madokotala ena ku India anayamba kugwiritsa ntchito nsalu ya neti yopanda mankhwala, yophikidwa m'makina ophera tizilombo. Ku Uganda anayesa pa amuna pafupifupi 300, zotsatira zinatuluka mu 2016, ndipo panalibe kusiyana kwenikweni ndi kansalu kodula kaja. Koma si maneti athu ogonamo, amenewo ali ndi mankhwala ophera udzudzu.

Chimodzimodzi khungu la nsomba. Ku Fortaleza m'dziko la Brazil amaphimba mabala a moto ndi khungu la tilapia, mtundu wa chambo chathu chomwechi, chifukwa lili ndi collagen wambiri ndipo limasunga chinyontho, bala silifuna kumasulidwa tsiku ndi tsiku. Koma limakonzedwa ndi kuphedwa tizilombo mu labotale. Ndikunena izi ndi mantha, chifukwa nyengo yozizira ino timalandira ana ogwera pamoto atapakidwa dzira, mankhwala otsukira mano, ena mpaka ndowe. Mwana akapsa, thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, thamangani naye.

MwanaWaRuo:
Ndiye makungu a chambo omwe amatayidwa pa Limbe aja akanatha kukhala mankhwala. Ana a ku Ndata, mukumva?

MphunziWaNdata:
Tikumva achimwene. Chovuta si khungulo, ndi labotale yoti iliyeretse ndi kutsimikiza kuti mtanda uliwonse ndi wotetezeka. Koma ndikadzafika chaka chomaliza ndikufuna kafukufuku wanga adzakhale wa zinthu zonga zimenezi, zomwe tili nazo kale.

Kabaza_Limbuli:
Anamwino ndavomera, ndinalakwitsa poyamba paja, ndimaona ngati zitsulo zonse n'chimodzimodzi. Achemwali a ku Chitakale, vuto la mnzathuyo ndikulidziwa, si kusamva ayi. Mwini ngongole safuna kumva za ekisire, amafuna yake Loweruka lililonse. Munthu umagona pamphasa ukuwerenga masiku, njinga ili pakhonde. Chomwe ine ndinachita, ndinapatsa njinga mnyamata wina wa pa siteji yathu, amabweretsa ya tsiku madzulo alionse, mafuta ake. Sizikwana bwino koma ngongole imayenda. Apite kwa tcheyamani wa siteji yake, iwo amadziwa anyamata okhulupirika omwe ali ndi laisensi koma alibe njinga. Alemberane pamaso pa mboni.

NamwinoPaPhiri:
Chomaliza kwa ine, poti usiku uno ndili pantchito. Mdani weniweni wa chitsulo cha m'thupi ndi tizilombo. Tikakhazikika pa chitsulo timapanga ndere yomata yomwe mankhwala amavutika kuilowa, chifukwa chitsulo chilibe mitsempha ya magazi yofikitsa mankhwalawo. Mukaona bala likufiira, likutentha, likutuluka madzi kapena mafinya, kapena thupi latentha, musadikire tsiku la m'buku. Akamva kuti china chathyoka m'kati, kapena mwendo wayamba kukhota, chimodzimodzi. Ndipo bondolo azilipinda monga anamuonetsera a fizio, kusapondera sikutanthauza kungogona.

MayiWaChitakale:
Ndabwera kudzakuuzani. Dzulo ndinapita ndi waya wa pa mpanda wa nkhuku monga ananenera bambo a ku Luchenza. Anaukoka mpaka manja kufiira, sunaduke. Ataupinda maulendo angapo unaduka, anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana podukapo. Kenako anandiuza chinthu chomwe amabisa: Lachiwiri lapitali anakwera njinga kuzungulira pabwalo, ndipo chiyambire tsiku limenelo akumva kulasa pamwamba pa bondo akamatembenuka usiku. Bala ndi louma, thupi silikutentha, mwendo ukuoneka wowongoka. Tsiku la m'buku ndi la sabata ya mawa Lachinayi. Anamwino, tidikire kapena tinyamuke?

NamwinoPaPhiri:
Musadikire. Mawa m'mawa pitani pa chipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi, funsani a mafupa, muwauze zonse za njingayo osabisa, apemphe ekisire. Tengani buku ndi ekisire yakale kuti ayerekeze. Pokwera galimoto mwendowo usaponde pansi.

Kabaza_Limbuli:
Panjinga asakwere ngakhale kumbuyo. Pali mnzathu wa Sienta amagona pa Chitakale pompo, ndamuuza, akuti 6 koloko akhala ali pamseu. Nditumizireni kumbali malo enieni oti akaime.

MayiWaChitakale:
Ndatumiza achimwene. Makiyi a njinga ndatenga ine, ali m'chikwama changa.